Makalata a omvera: kodi dotolo wamkulu n'kunyanyala ntchito chifukwa cha malipiro?

Moni omvera nonse kulikonse kumene muli. Sabata yatha tinakamba za madotolo akuluakulu a m'zipatala za boma ku England, aja ananyanyala ntchito mu 2023 pofuna kuti awakwezere malipiro, ndipo makalata abwera ambiri, ena otentha ndithu. Kwa inu amene simunamvere pulogalamu ija, madotolo amenewa ndi aja kumeneko amawatcha ma consultant, akatswiri amene amayang'anira madotolo anzawo ndipo mawu omaliza pa wodwala amakhala awo. Anavota kudzera m'bungwe lawo la British Medical Association, ndipo mwa ovotawo, 86 pa 100 alionse anati sitalaka ichitike. Anasiya ntchito pa 20 ndi 21 Julayi 2023, nabwerezanso mu Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala. Mkanganowu unatha mu Epulo 2024, koma funso lake silinathe, chifukwa limabuka kulikonse kumene boma ndi madotolo asemphana.

Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina amene akugwira ntchito ku England komweko. Akuti:

“Aulutsi athu, ine ndimasamalira okalamba. Ndimawasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza usiku. Malipiro anga amatha mwezi usanathe. Ndiye ndimve kuti munthu wolandira ndalama zoposa zanga kanayi wanyanyala ntchito, ati zamuchepera? Ngati iwo akulira, nanga ife titani? Madotolo ndinkawalemekeza, koma pamenepa anandikhumudwitsa.”

Bambo, ndakumvani, ndipo pa manambala sindingakutsutseni. M'chaka chimenecho, boma litawonjezera 6 peresenti, dotolo wamkulu wongokwezedwa kumene ankalandira £93,666 pachaka, ndipo wokhalitsa ankafika pa £126,281. Wantchito wamba wogwira tsiku lonse ankapeza pafupifupi £35,000. Dotolo amene ankayembekezera kuti inu mumuwombere m'manja anaiwala zija amati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Ndipo simunali nokha. Akafukufuku akafunsa maganizo a anthu nthawi imeneyo, ankapeza kuti mwa azaumoyo amene ankanyanyala ntchito, anamwino ndiwo ankamveredwa chisoni kwambiri, madotolo achinyamata amene sanafike pa ukatswiri n'kutsatira, pamene akuluakuluwa ankatsalira m'mbuyo.

Komabe ndiloleni ndikuuzeni chimene iwo ankadandaula, chifukwa sananene kuti ndi osauka. Ankati kuyambira 2008 malipiro awo akhala akutsalira pamene mitengo ya zinthu ikuthamanga, moti ndalama imene amapita nayo kunyumba yataya mphamvu ndi 35 peresenti. Ena anaitsutsa nambala imeneyi, nati zimatengera muyezo umene wagwiritsa ntchito powerengera kukwera kwa mitengo, koma ngakhale miyezo inayo inkasonyeza kuti mphamvu ya malipirowo yatsikadi. Kumbukirani kuti mu Okutobala 2022 mitengo ku Britain inali itakwera ndi 11.1 peresenti m'chaka chimodzi chokha. Munthu ameneyu anakhala zaka 5 kapena 6 kusukulu ya udotolo, zaka 2 akuzungulira m'mawodi ngati wophunzira ntchito, kenaka zaka zina zambiri akuphunzira ukatswiri wake, mayeso pamwamba pa mayeso. Akafika pamenepo amakhala ndi kothawira. Australia ikumufuna, Canada ikumufuna, zipatala zolipira zikumufuna, ndipo akatopa akhoza kungopuma msanga. Boma lenilenilo linkadziwa zimenezi, n'chifukwa chake mu Malichi 2023 nduna ya zachuma Jeremy Hunt inasintha malamulo a msonkho wa penshoni, mwa zina pofuna kuti madotolo akuluakulu asamachoke msanga.

Choncho ine sindikufunsa ngati dotolo akulandira zambiri kuposa inu, poti akulandiradi. Ndikufunsa ngati agogo amene mukuwasamalirawo atagwa n'kuthyoka fupa, adzapezeke katswiri wowagoneka tulo ndi wina wowachita opaleshoni. Za malipiro anu, bambo, ndi nkhani yoyenera mkwiyo wakewake. Ntchito imene mukugwira ndi yolemera ndipo ikulipidwa mopanda chilungamo. Koma dotolo atamanidwa, ndalama yakeyo sidzabwera kwa inu.

Kalata yachiwiri ndaiwerenga kangapo ndisanabwere muno. Yachokera kwa mayi wina amene wapempha kuti tisatchule dzina lake.

“Mayi anga anadikira nthawi yaitali kuti awachite opaleshoni ya fupa la m'chiuno. Tsiku litayandikira tinakonza zonse, ine n'kupempha tchuthi kuntchito. Kenaka kunabwera uthenga wochokera kuchipatala kuti alepheretsa chifukwa cha sitalaka, adzatiuza tsiku lina. Mayi sanalankhule kanthu, anangotembenukira kukhoma. Usiku sagona ndi ululu, kupita kuchimbudzi mpaka ndiwagwirize. Pawailesi ndinkamva akuti odwala mwakayakaya akuthandizidwa, zimene zaimitsidwa ndi zosafulumira. Kodi ululu wa mayi anga ndi wosafulumira? Ndani analakwira mayi anga?”

Pepani mayi, pepani kwambiri, ndipo mutiperekere moni kwa mayi athuwo. Palibe mawu anga amene angachotse ululu umenewo, ndipo sindikufuna kukunyengererani ndi mfundo. N'zoona kuti madotolowo anasiya anthu ochepa pantchito monga zimakhalira tsiku la Khirisimasi, kuti wangozi, wodwala mtima mwadzidzidzi ndi mayi wobereka athandizidwe. Koma zimene papepala amazilemba kuti zikhoza kudikira, kunyumba ndi munthu amene sakugona, ndi wina amene maso akuchita khungu podikira kuchotsedwa ng'ala, ndi wina amene akudikira kumva ngati chotupa chake ndi khansa. Sitalaka ya akuluakulu imaluma mwapadera. Madotolo achinyamata akanyanyala, akuluakulu amatsika n'kugwira ntchito yawo. Akuluakulu akanyanyala, palibe wokwera kukalowa m'malo mwawo, ndipo ngakhale wachinyamata amene alipo sangachite opaleshoni popanda womuyang'anira. Pa 20 Seputembala, komanso kuyambira pa 2 mpaka pa 4 Okutobala 2023, magulu awiriwa ananyanyala pamodzi, koyamba chikhazikitsireni zipatala zaulere za dzikolo mu 1948. Pofika kumapeto kwa Seputembala, maulendo okaonana ndi dotolo ndi maopaleshoni oposa 1 miliyoni anali atasunthidwa chifukwa cha masitalaka onse a zaumoyo kuyambira Disembala 2022. Dotolo aliyense woona mtima ayenera kuvomera kuti mphamvu ya sitalaka yake imachokera m'kuvutika kwa anthu ngati mayi anu. Akakana zimenezi, akunama.

Tsono mwafunsa kuti analakwa ndani, ndipo ndikuyankhani mmene ndikuonera ine. Mndandanda wa odikira chithandizo sunayambe ndi sitalaka. Mliri wa Covid usanafike unali pafupifupi 4.5 miliyoni, pofika kumapeto kwa 2022 unali utadutsa 7 miliyoni madotolo asanayambe n'komwe kunyanyala, ndipo mu Seputembala 2023 unafika pa 7.7 miliyoni. Mu Julayi 2023, nduna yaikulu Rishi Sunak inalengeza kuti 6 peresenti ija ndi yomaliza ndipo sitalaka siisintha kanthu. Miyezi inadutsa mbali ziwirizi zikulankhulana kudzera m'manyuzipepala. Kenaka zokambirana zinayamba, ndipo mu Novembala, unduna wa zaumoyo uli m'manja mwa Victoria Atkins amene analowa m'malo mwa Steve Barclay, boma linabwera ndi ndalama zina. Madotolo anazikana mu Januwale 2024 ndi mavoti 51 pa 100, boma linakonza zina ndi zina, ndipo mu Epulo 83 pa 100 anavomera. Ndiye ndalama zija zinapezeka, mpando wokambirana unapezeka. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti zinapezeka mochedwa, anthu atazunzika kale. Madotolo ali ndi gawo lawo pa mlanduwu, koma gawo lalikulu ndikuliika pa amene anagwira thumba la ndalama nakana kukhala pansi pamene nthawi inalipo.

Mnyamata wina watumiza uthenga waufupi pafoni. Akuti: “Ingotiuzani zoona, kodi madotolo akanyanyala anthu samwalira ambiri?”

Achimwene, yankho lake limadabwitsa ambiri. Mu 2008 akatswiri ena anaunika masitalaka asanu a madotolo amene anachitika pakati pa 1976 ndi 2003, ku Los Angeles, ku Jerusalem ndi kwina, napeza kuti imfa sizinachuluke m'masiku a sitalaka, kwina zinachepa kumene. Koma musafulumire kusangalala. Chifukwa chake n'chakuti chithandizo cha mwadzidzidzi chinkapitirira, ndipo maopaleshoni okonzeratu, amene nawo amakhala ndi chiopsezo chake, anali ataimitsidwa. Kuwerenga maliro a sabata ya sitalaka sikungakuonetseni munthu amene khansa yake inapezeka mochedwa n'kudzamwalira chaka chotsatira.

Tsopano timve kwa namwino, amene akuti wakhala m'mawodi zaka zambiri.

“Aulutsi, anthu amatikonda ife anamwino n'kumanyoza madotolo akuluakulu, ati ndi odzikonda. Ine ndimagwira nawo ntchito. Wodwala akasintha mwadzidzidzi pakati pa usiku, wachinyamata atasowa chochita, amene timamudzutsa ndi yemweyo. Ndiye amene amasankha kuti tichite opaleshoni kapena ayi, ndiye amene amakauza achibale kuti zakanika, ndipo zikalakwika dzina lake ndi limene limaitanidwa kukayankha. Ena ndi odzitukumula, sindikana. Koma katswiri mmodzi akachoka osapezeka wolowa m'malo, kiliniki yake yonse imaima, ife tilipo kapena ayi. Nafenso tinanyanyala, ndipo sindinagone bwino masiku amenewo. Musaganize kuti munthu amasiya wodwala akuseka.”

Zikomo mayi, mwatithandiza kuona za m'kati. Omvera akumbukire kuti anamwino a bungwe la Royal College of Nursing ndiwo anayamba, mu Disembala 2022, ndipo anthu ambiri anawaikira kumbuyo. Ine ndikuganiza kuti kusiyanaku kumabwera chifukwa namwino timamuona. Ndiye amatipatsa mankhwala, amatisintha nsalu, amatiyankha tikaitana. Dotolo wamkulu amafika pabedi mphindi zochepa, anthu ali pambuyo pake, n'kudutsa. Ntchito yake yaikulu imachitika ife tili mtulo pa tebulo la opaleshoni, kapena m'chipinda chimene akuunika zithunzi ndi zotsatira za magazi athu. Chifundo chathu chimatsata nkhope imene taizolowera ndi malipiro amene akufanana ndi athu. Zimenezi n'zaumunthu, koma si muyezo wabwino wodziwira ngati dandaulo la munthu lili loona.

Kalata yomaliza lero yachokera kwa bambo wachikulire amene akuti anapuma pantchito ya uphunzitsi.

“Mwana wanga, nkhaniyi ndi yapafupi. Apolisi ndi asilikali saloledwa kunyanyala ntchito chifukwa moyo wa anthu uli m'manja mwawo. Dotolo akusiyana nawo pati? Akhazikitse lamulo loletsa, ndipo amene sakufuna asiye udotolo.”

Bambo anga, mfundo yanu ili ndi maziko. Ku Britain apolisi analetsedwa kunyanyala ntchito kuyambira 1919, ndipo anthu ambiri amaganiza monga inu. Koma mawu anu omalizawo ndi amene akundiopsa, chifukwa akhoza kukumverani n'kusiyadi. Lamulo likhoza kumuletsa dotolo kuima pageti ndi chikwangwani, koma silingamuletse kukwera ndege, kupuma msanga, kapena kukana maola owonjezera amene zipatala zimadalira kuti mndandanda uchepe. Sitalaka imaoneka ndipo imatha. Kuchoka kwa mmodzimmodzi sikumveka pawailesi, mumangozindikira tsiku limene mwauzidwa kuti katswiri wa matenda anu kulibe.

Taonani zimene zinachitika ku Kenya. Madotolo a m'zipatala za boma ananyanyala kuyambira Disembala 2016, akufuna kuti boma likwaniritse mgwirizano umene linasainira mu 2013. Khoti linati sitalakayo ndi yosaloledwa, ndipo mu Febuluwale 2017 atsogoleri asanu ndi awiri a bungwe lawo anatsekeredwa m'ndende. Madotolo sanabwerere kuntchito chifukwa cha ndendeyo. Sitalaka inakwana masiku 100, ndipo inatha mu Malichi atakhala pansi n'kusainirana. Amene anavutika koposa m'masiku onsewo ndi amene analibe ndalama yopitira kuchipatala cholipira.

Ngati mukufuna kumulanda munthu ufulu wonyanyala, muyenera kumupatsa njira ina imene iye angaikhulupirire. Ku Britain kuli bungwe loima palokha limene limaunika malipiro a madotolo chaka ndi chaka n'kulangiza boma. Madotolo akuluakulu ankadandaula kuti bungweli linasiya kuima palokha, kuti boma linkaliuziratu malire a ndalama lisanayambe n'komwe kuunika. N'chifukwa chake mu mgwirizano wa Epulo 2024, pambali pa ndalama ndi kufupikitsa zaka zofikira pa malipiro apamwamba, munali kusintha kwa kasankhidwe ka anthu a m'bungwelo ndi zimene liyenera kuganizira. Ambiri anangomva za mapaundi, koma kwa ine gawo limeneli ndi limene lingathandize wodwala wa m'tsogolo, bola boma lizilemekeza zimene bungwelo lanena ngakhale chaka chimene sizikulikomera. Likatero, bambo, ndidzakhala woyamba kugwirizana nanu kuti dotolo wamkulu alibe chifukwa chosiyira wodwala.

Nthawi yatithera. Pali makalata awiri ochokera kwa ophunzira udotolo amene akufunsa ngati n'koyenera kukagwira ntchito kunja akamaliza maphunziro, ndipo amenewo tidzayamba nawo sabata yamawa. Pitirizani kutilembera. Tsalani bwino.