Mpendadzuwa pa thabwa: kujambula maluwa ndi penti ya acrylic

WOULUTSA: Omvera athu a ku Ulónguè, Tsangano, Furancungo, Zóbuè mpaka mumzinda wa Tete, takumananso. Lero tikulowa m'maluwa, ndipo ndili ndi amayi amene amaphunzitsa achinyamata kujambula. Amayi, munthu wagula timachubu take ta penti, akufuna kujambula duwa. Ayambire pati?

MPHUNZITSI: Zikomo achimwene. Ayambe watsimikiza kuti chimene wagulacho ndi acrylic. M'masitolo a zolembera kuno mumapezeka mitundu yofanana maonekedwe. Pachubu pazilembedwa kuti "acrílica". Yolembedwa "guache" ndi ya ana a sukulu, ikauma n'kudonthera madzi imasungunukanso. Ya "esmalte" ija ndi ya mafuta, ya zitseko ndi mawindo, siigwirizana ndi madzi. Ngati mukukayika, pakani kadontho pa katoni, kaume, kenako tikitani ndi chala chonyowa. Acrylic ikauma siyenda.

Ndipo nkhani yonse ya lero yagona pa kuumako. Penti imeneyi ndi utoto wosakanizidwa ndi guluu wa pulasitiki amene ali m'madzi. Madzi akauluka, pulasitiki uja amagwirana, basi zatha. Mukapaka mopyapyala, mphindi 10 mpaka 20 yauma. Ku Tete ndi ku Moatize mu Okutobala, kutentha kukamafika madigiri 40, imauma muli chiigwirire burashi. Choncho duwa silijambulidwa ulendo umodzi. Timapaka, kuuma, kupakanso pamwamba. Timayambira zakumbuyo kubwera zakutsogolo, zakuda kubwera zowala.

WOULUTSA: Mitundu ya penti igulidwe ingati? Ena amagula bokosi la 24.

MPHUNZITSI: Ndalamazo akanagulira yoyera yambiri. Isanu ndi umodzi yakwana: yoyera, yachikasu, yofiira, yabuluu, ya khofi, ndi ina yofiira mopita ku pinki imene pachubu amalemba "magenta". Yoyerayo mugule chubu chachikulu chifukwa ndi imene imatha msanga. Magenta musaisiye. Yofiira wamba ija imakhala yopendekera ku chikasu, ndiye mukaisakaniza ndi buluu kuti mupeze pepo wa maluwa a mbatata ya kachewere, mumapeza mtundu wa matope. Magenta ndi buluu ndiye amatulutsa pepo woyera bwino. Magenta ndi yoyera amatulutsa pinki wa maluwa a mapichesi amene amadzaza ku Tsangano chisanu chikamatha. Yakuda sindinaitchule, ndipo ndachitira dala.

Maburashi atatu: yaphanthiphanthi yotambalala masentimita awiri kapena atatu, yaphanthi koma yozungulira kunsonga ya nambala 8, ndi yosongoka ya nambala 4. Akhale a ubweya wa nayiloni. Zitini zamadzi ziwiri, china chotsukira, china cha madzi oyera osungunulira penti. Kasanza kopukutira. Ngati madzi anu ndi a mumtsinje, ayambe adikha.

Tsono mbale yosakanizira. Apa mverani bwino, makamaka inu a kuchigwa kotentha. Tengani chivindikiro cha chidebe cha pulasitiki, yalanipo kansalu konyowa kofinya, pamwamba pake yalani pepala lija amaphikira makeke. Penti muziifinyira pa pepalalo. Imakoka chinyezi kuchokera pansi ndipo imakhala yofewa maola angapo. Musafinye yambiri, mtundu uliwonse kukula kwa nyemba imodzi kapena ziwiri. Kabotolo kopopera madzi kakhale pafupi, muziwaza pang'ono mphindi zingapo zilizonse. Ndipo musakhale pamphepo kapena pansi pa fani.

WOULUTSA: Nanga pojambulapo? Nsalu zija zokoka pa felemu n'zodula.

MPHUNZITSI: Wophunzira asayambire pamenepo. Kachidutswa ka pulayi ka masentimita 30 kwa 40, kapena katoni yolimba, n'zokwanira. Chofunika n'kukonza. Pali choyera china chotchedwa gesso, koma chikasowa, penti yoyera ya madzi yopaka pakhoma imagwira ntchito pophunzira. Pakani koyamba chopingasa, iume, palani pang'ono ndi sandipepala wosalala, pakani kachiwiri chotsika. Pakaninso kumbuyo kamodzi, apo ayi thabwa limapindika chifukwa mbali imodzi yokha ndiyo yamwa madzi. Thabwa losakonza limamwa penti, mitundu imazilala, ndipo burashi siyenda.

Tiyeni titenge mpendadzuwa. Dulani umodzi, ikani m'botolo la madzi pafupi ndi windo, kuwala kuzichokera mbali imodzi yokha. Tinene kumanzere.

Choyamba, kumbuyo. Sakanizani buluu magawo awiri, khofi gawo limodzi, yoyera pang'ono, mupeza mtundu wodera. Pakani thabwa lonse ndi burashi yaikulu, osasiya malo a duwa. Anthu ambiri amayamba ndi duwa, kenako n'kumazungulira m'mbali mwake ndi penti ya kumbuyo. Zotsatira zake duwa limakhala ndi kamzere koyera kozungulira, ndipo nsonga za timasamba zimadyeka. Pakani ponse, dikirani paume.

Kenako lembani ndi choko, osati pensulo. Pensulo ikakumana ndi chikasu chonyowa imadetsa, pomwe choko mumangofufuta ndi kansalu konyowa. Ndipo musalembe timasamba ta duwa kamodzikamodzi. Tengani mbale, igwireni patsogolo panu, ipendeketseni pang'ono. Mukuona kuti siikuonekanso yozungulira bwino, yaphwatalala? Duwa nalo limatero, kawirikawiri siliyang'ana inu maso ndi maso. Lembani chozungulira chophwatalala chachikulu, pomwe pathera nsonga za timasamba, ndi china chaching'ono mkati, cha mtima wa duwa. Timasamba ta mbali yoyandikira inu ndi ta kutali tidzaoneka tatifupi, ta m'mbali tatitali.

WOULUTSA: Ndiye tizipaka chikasu tsopano?

MPHUNZITSI: Musathamange achimwene, apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Chikasu ndi penti yoonekera mkati. Mukaipaka pa mdima uja, imatuluka yobiriwira ndi mizeremizere, mupake katatu kanayi osakhutira. Choncho timasamba tonse tiyambe tapakidwa yoyera. Musade nkhawa kuti duwa layera, ndi maziko chabe. Likamauma, jambulani tsinde ndi masamba. Wobiriwira mumpanga nokha, chikasu magawo atatu, buluu gawo limodzi. Akawala kwambiri, mukhudze ndi kofiira kochepetsetsa kunsonga ya burashi, amakhala pansi n'kufanana ndi tsamba lenileni. Tsinde la mpendadzuwa n'lonenepa, ndipo limalowa kumbuyo kwa mtima wa duwa. Liloze pakatipo, lisalowere m'mbali.

Yoyera yauma? Tsopano timasamba ta kumbuyo, tija tobisika theka. Chikasu magawo anayi, kofiira pang'ono, kakhofi pang'ono. Mupeza chikasu chopsa. Tikauma, bwerani ndi ta kutsogolo ndi chikasu chenicheni.

Dzanja liziyenda chonchi. Burashi ya nambala 8 ija idzaze penti, ikhale yolimba ngati phala la mwana, yosadontha mukaitembenuza. Ikani nsonga m'mphepete mwa mtima wa duwa, kanikizani kuti ubweya utambasuke, kokerani kunja, ndipo pofika kumapeto muzinyamula pang'onopang'ono uku mukupotoza burashi kuti ithere pa mpeni wake. Nsonga ya kasamba imatuluka yokha. Kasamba kamodzi, kukoka kamodzi kapena kawiri, basi chokanipo. Yesani kaye maulendo 20 pa katoni musanakhudze thabwa. Muzitembenuza thabwalo kuti nthawi zonse muzikokera kumene dzanja limamasuka. Ndipo timasamba tisafanane. Yang'anani duwa lili m'botolomo: kena kapindika, kena kagwera pa kanzake, pena pali mpata.

Vuto lalikulu ndi kubwerera pa penti imene yayamba kuuma. Pamwamba pake pamakhala patachita kakhungu, pansi pakadali pofewa. Burashi ikadutsa imang'amba kakhunguko, pamatsala chibowo ndi timibulu. Mukaona kuti burashi yayamba kukakamira, siyani. Mwalakwitsa? Musalimbane napo. Paume, pakani yoyera, bwerezani chikasu.

WOULUTSA: Womvera wina wa ku Domué watumiza uthenga. Akuti akaika mthunzi pa duwa lachikasu limasanduka lobiriwira.

MPHUNZITSI: Bambo kapena mayi amenewo akugwiritsa ntchito yakuda. Yakuda ndi chikasu zimabala wobiriwira wodera, n'chifukwa chake sindinaitchule pa zogula. Mthunzi wa chikasu umachokera ku khofi, kapena ku kapepo kochepa. Pangani chonchi: timasamba titauma gwa, sungunulani khofi ndi kamagenta m'madzi mpaka zipyapyale, pukutani burashi pa kasanza kuti isadonthe, ndipo dutsani kamodzi pomwe kasamba kakutuluka mumtima wa duwa, ndi pomwe kena kaphimba kanzake. Chikasu cha pansi chizionekabe. Madziwo ndi a mthunzi wokha. Popaka zina zonse madzi asapose gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa akachuluka guluu uja amachepa mphamvu, penti imatuwa ndipo imatha kufufutika mukapaka ina pamwamba.

Mtima wa duwa: khofi ndi buluu, magawo ofanana, zimada pafupifupi ngati yakuda koma zosafa. Pakani ponse pakatipo. Pakauma, tengani burashi yakale yomwazika ubweya, ikhudzeni mu khofi wosakaniza ndi chikasu, muzijompha osati kukoka. Mukayang'anitsitsa mpendadzuwa muona kuti m'mphepete mwa mtimawo muli mkombero wa timaluwa ting'onoting'ono ta olenji, ndipo pakati penipeni m'posalala. Timadontho towala tichuluke kumanzere kumene kukuchokera kuwala, kumanja kukhale kodera.

Chomaliza ndi kuwala. Chikasu magawo atatu, yoyera gawo limodzi, pa timasamba tochepa chabe ta kumanzere, ndi burashi yosongoka. Yoyera ikachuluka duwa limatuwa, limataya moto wake. Komanso dziwani kuti acrylic ikauma imadera pang'ono. Guluu uja akakhala wonyowa amakhala woyererako, akauma amaonekera mkati, ndiye mtundu umatsika. Muzisakaniza mowalirapo pang'ono kuposa chimene mukufuna, ndipo muziyesa pa kakatoni kaye.

WOULUTSA: Nanga maluwa oyera? Kuchigwa kuno milambe ili ponseponse.

MPHUNZITSI: Duwa la mlambe ndi phunziro labwino, koma silidikira munthu. Limatseguka madzulo, mileme imabwera usiku, pofika mawa lake layamba kufota n'kuda. Lijambuleni pa foni m'mamawa, mugwiritse ntchito chithunzicho. Limalendewera chozondoka pa kaphesi kakatali, timasamba take tisanu topindikira m'mwamba, pansi pake mpira wa timaulusi. Chinsinsi chake n'chakuti duwa loyera silijambulidwa ndi yoyera. Yambani ndi phulusa: yoyera magawo asanu, buluu ndi khofi pang'onopang'ono. Duwa lonse likhale la phulusa lowala. Kenako onjezerani yoyera pa kusakanizako, pakani mbali zowala. Yoyera yosasakaniza ibwere komalizira, pa malo atatu kapena anayi okha. Mukayamba nayo mulibenso chowalitsira.

WOULUTSA: Anzathu a kumtunda, ku Angónia ndi Tsangano, vuto la kutentha alibe.

MPHUNZITSI: Lawo ndi chisanu. Kukazizira kufika pansi pa madigiri 10, pulasitiki uja sagwirana bwino, penti imatha kuchita ming'alu kapena kufumbutuka. M'mawa wa mu Juni ndi Julaye musajambule pakhonde, dikirani dzuwa likwere. Nthawi ya mvula nayo imauma mochedwa, ndiye musadalire wotchi. Khudzani ndi kuseri kwa chala: pakazizira, sipanaume.

Maburashi: musaisiye burashi ili ndi penti ngakhale mphindi zisanu, ndiponso musaiimike m'chitini cha madzi, ubweya umapindika ndipo chogwirira chimafufuma. Tsukani, pukutani, goneketsani. Mukaweruka tsukani ndi sopo pachikhatho mpaka thovu liyere, makamaka pomwe ubweya walowa m'chitsulo, chifukwa penti ikaumira pamenepo burashi imayasama. Imene yauma kale, iviikeni mu sipiriti kwa kanthawi, ina imatsitsimuka. Penti ikadonthera pa chitenje chapani nthawi yomweyo ndi madzi ozizira. Madzi otsukira musatayire m'dimba kapena pomwera nkhuku.

WOULUTSA: Chithunzi chatha, tichisunge bwanji?

MPHUNZITSI: Chikhale sabata imodzi, kenako pakani vanishi ya madzi, kawiri, mopyapyala, thabwa litagona pansi. Vanishi ya mipando ija imachita chikasu pakapita nthawi, idzawononga duwa loyera. Acrylic kukatentha imafewa pang'ono n'kumamata, ndiye fumbi limakakamira, makamaka kwa inu a ku Moatize kumene kuli fumbi la malasha. Pa chifukwa chomwecho musasanjike zithunzi ziwiri moyang'anizana, zimamatirirana ndipo polekanitsa penti imasupuka. Ziimikeni chilichonse pachokha, kapena ikani pepala lophikira makeke lija pakati pake.

WOULUTSA: Zikomo amayi. Omvera, sabata yamawa tidzatenga duwa la therere ndi la dzungu. Konzeranitu matabwa awiri, opaka kale yoyera mbali zonse.