Chifukwa chani zipani zimangogawikana? Tione za ZANU-PF ndi MDC

Moni nonse a ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi kulikonse mukutionera. Lero tikambe za ma faction, zija anthu a chipani chimodzi amavala nsalu imodzi koma mkatimo akudyana okhaokha.

Nkhani yaikulu ndi mpando basi. Mtsogoleri akakhalitsa osafuna kuti anthu akambe poyera za omulowa mmalo, aliyense amayamba kusonkhanitsa anthu ake mwakachetechete. Taonani ZANU-PF, chipani cholamula kuno ku Zimbabwe, nthawi ya a Mugabe. Mu 2004 a Joice Mujuru anakhala wachiwiri kwa pulezidenti, a Mnangagwa kutsala panja. December 2014 mai Mujuru achotsedwa, a Mnangagwa alowa. Mukuganiza zinathera pompo? Ayi ndithu, kunabadwanso magulu awiri, Lacoste ya a Mnangagwa ndi G40 ya mai Grace Mugabe, a Jonathan Moyo ndi a Kasukuwere, kumanyozana pa misonkhano anthu akuonera pa TV, mpaka pa 6 November 2017 a Mnangagwa anachotsedwa, sabata yotsatira asilikali ali mmisewu ya Harare muno, pa 21 November a Mugabe atula pansi udindo.

Ndiye pali nkhani ya kudya. Kwathu kuno amene ali pafupi ndi bwana ndi amene amapeza unduna, ma tenda, minda. Gulu lako likagwa nawenso wagwa, nde munthu amamenyera nkhondo ngati wamva kuti nsima yatsala mtanda umodzi.

Otsutsa nawo musawaone ngati oyera. MDC inagawikana mu 2005 pa nkhani yoti alowe chisankho cha Senate kapena ayi, gulu lina linatsala ndi a Tsvangirai, lina kenako nkutsogoleredwa ndi a Mutambara. Zotsatira zake zinaoneka pa chisankho cha pulezidenti mu 2008, a Tsvangirai anapeza 47.9%, a Mugabe 43.2%, pomwe a Simba Makoni omwe gulu la a Mutambara linkawasapota anatenga 8.3%. Kuti uwine pamafunika kupitirira 50%. Werengani nokha masamuwo. Zinapita ku chisankho chachibwereza chija chodzadza ndi ziwawa, a Tsvangirai mpaka anachokamo.

Chimene chimandipweteka ine ndi ma recall. Malamulo a dziko lino amalola chipani kuchotsa MP wake ku palamenti pongolemba kalata, nde magulu akamakangana funso limakhala loti mwini chipani ndani. Mu 2023 a Sengezo Tshabangu, omwe ankadzitcha mlembi wamkulu wa CCC, chipani chotsutsa chomwe a Chamisa ankatsogolera, anachotsa aphungu ndi makhansala a chipanicho ambirimbiri, anthu amene munawavotera mutaima pamzere dzuwa likuswa mtengo, January 2024 a Chamisa nkuchisiya chipanicho. Zisankho zachibwereza zimadya ndalama za boma, uku khansala amene umafuna kukamudandaulira za madzi ndi zinyalala kulibe.

Kumudzi ku Malawi nkhani ndi yomweyi, a Bingu anachoka mu UDF mu 2005 nkuyambitsa DPP, mai Joyce Banda anachotsedwa mu DPP mu 2010 nkuyambitsa PP. Imeneyo ndi ya vidiyo ikubwerayi, pamodzi ndi Section 65, lamulo la ku Malawi lokhudza aphungu osintha chipani.