"Kodi simusamala?" Funso la m'ngalawa ndi chikhulupiriro cha anthu a kunyanja

[Chithunzi: gombe la Nkhotakota m'mawa, mafunde akumenya mabwato okokeredwa pamchenga]

Moni nonse amene mukuonera. Lero tili pa gombe la Nkhotakota m'nyengo ya mwera, mphepo ija yochokera kummwera imene imawindula nyanja yathuyi makamaka kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti. Monga mukuonera, mabwato akokeredwa kumtunda ndipo makoka aunjikidwa pansi pa mitengo, chifukwa a zanyengo akachenjeza pa wailesi msodzi wanzeru amakhala pamtunda, ngakhale ufa kunyumba uli pafupi kutha. Nkhani yathu ikukhudza funso limene Akhristu ambiri amaopa kulitulutsa pakamwa, koma limabwera lokha usiku umene bwato la mwana wawo lachedwa kubwerera: kodi Mulungu akusamala? Ndifotokoza pamene funsoli likupezeka m'Baibulo, anthu amene analifunsa, ndi zimene zinawachitikira atalifunsa.

Titsegule Marko chaputala 4, kuyambira ndime 35. Yesu anali ataphunzitsa khamu la anthu ali m'ngalawa, anthuwo ataima m'mphepete mwa madzi, ndipo madzulo anauza ophunzira ake kuti awolokere tsidya lina. Nyanja ya Galileya ndi yaing'ono poiyerekeza ndi yathu, pakuti m'litali ndi makilomita pafupifupi 21 ndipo m'lifupi ndi 13, pamene Nyanja ya Malawi imapitirira makilomita 500 m'litali. Komabe ili m'chigwa chozama, mamita oposa 200 kunsi kwa mulingo wa nyanja zikuluzikulu, ndipo mphepo yozizira ikatsika m'mapiri oizungulira n'kukumana ndi mpweya wotentha wa pamadzi, namondwe amabuka mwadzidzidzi. M'chaka cha 1986, madzi a nyanjayo ataphwera ndi chilala, m'matope munapezeka ngalawa ya m'nthawi ya Yesu, yotalika mamita 8 ndi pang'ono, m'lifupi mamita awiri ndi pang'ono. Aliyense amene anakwerapo boti lamatabwa kuchokera padoko lililonse kuno akudziwa mmene chombo cha msinkhu umenewo chimamwera madzi mafunde akachipeza cham'mbali chitadzaza anthu.

Tisaiwalenso kuti mwa amene anali m'ngalawamo, Petro, Andreya, Yakobo ndi Yohane anali asodzi, anthu okulira pamadzi omwewo. Mlendo wochokera ku Lilongwe amakuwa ngakhale pa kafunde kochepa, asodzi n'kumamuseka, koma msodzi weniweni akayamba kukuwa, dziwani kuti zinthu zafikadi povuta. Mantha awo anali a anthu odziwa kuwerenga madzi.

Pamenepo Marko akutiuza kuti Yesu anali kutsigiro kwa ngalawa, ali m'tulo, mutu uli pamtsamiro. Anamudzutsa ndi mawu akuti, "Mphunzitsi, kodi simusamala kuti titayika ife?" Mawuwa ndi odzudzula. Ndi mawu amene mayi angauze mwamuna wake atakhala pakhonde mwana akuphupha ndi malungo m'nyumba. Mateyu, polemba nkhani yomweyi m'chaputala 8, akuti ophunzirawo anapempha Ambuye kuti awapulumutse, ndipo Luka m'chaputala 8 akuti anangofuula kuti akutayika. Marko yekha ndiye anasunga funso lobayali, monganso ali yekha potchula mtsamiro uja. Mpingo woyamba unalandira buku lake momwemo, funsolo lili momwemo, ndipo pamene Baibulo lonse linatuluka m'chilankhulo chathu m'chaka cha 1922, agogo athu analiwerenga m'chinenero chawo popanda wina kulifewetsa.

Wina anena kuti Yesu anawadzudzula, ndipo n'zoona, sitingazembe. Anawafunsa chifukwa chimene ankachitira mantha, nawafunsanso ngati analibebe chikhulupiriro. Koma taonani ndondomeko yake m'buku la Marko. Iye anayamba wadzuka, nadzudzula mphepo, nauza nyanja kuti itonthole, ndipo kutagwa bata m'pamene anatembenukira kwa ophunzirawo. Anthu amene anamuneneza kuti sasamala anathandizidwa madzi asanawamize, ndipo mafunso okhudza chikhulupiriro chawo anadikira mpaka mapazi awo atakhazikika. Palibe amene anatsitsidwa m'ngalawa atafika tsidya lija, ndipo patangopita machaputala awiri, khumi ndi awiri aja akutumidwa awiriawiri kukalalikira.

[Chithunzi: Baibulo lotsegulidwa pa Masalimo]

Ophunzirawo sanayambitse okha kalankhulidwe kameneka. Anali Ayuda oleredwa ndi Masalimo, ndipo mwa masalimo 150, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi madandaulo. Salimo 121 limanena kuti wosunga Israele saodzera kapena kugona, ndipo ambiri a ife timalidziwa pamtima chifukwa limawerengedwa munthu akamanyamuka ulendo. Koma m'buku lomwelo, Salimo 44 limauza Mulungu kuti agalamuke, n'kumufunsa chifukwa chimene akugonera ndi kubisa nkhope yake, ndipo olankhulawo akunena poyera kuti sanaiwale pangano lake. Salimo 88 ndiye lovuta kwambiri, popeza limayamba ndi kulira n'kuthera mumdima, lopanda ndime yotonthoza kumapeto. Amene anasonkhanitsa nyimbozi anaika zonsezi m'buku limodzi lopembedzera, kuti ziziimbidwa pamaso pa Mulungu.

Pali kusiyana kumene tiyenera kukumvetsa bwino pakati pa kung'ung'udza ndi kudandaula. Aisraele m'chipululu ankang'ung'udza m'mahema mwawo, kunena za Mulungu ngati munthu amene palibe, n'kumapangana zobwerera ku Ejipito. Wolemba salimo, ngakhale atakwiya chotani, amayang'ana Mulungu mwiniyo n'kumuuza kuti "Inu". Munthu sakagogoda pakhomo la nyumba imene akudziwa kuti ndi bwinja. Amene akufunsa Mulungu kuti bwanji mwandisiya akadali ndi chiyembekezo chakuti m'nyumbamo muli womva, ndipo Yesu mwini pamtanda anafuula mawu oyamba a Salimo 22, ofunsa funso lomwelo.

[Chithunzi: tchalitchi cha All Saints, Nkhotakota]

Tsopano tifike povuta penipeni, pamene mlaliki woona mtima sayenera kudumpha. Ophunzira anapulumuka, koma si onse oitana dzina la Yesu pamadzi amene amafika kumtunda. M'tchalitchi cha Anglican ichi muli manda a Chauncy Maples, amene anagwira ntchito ya umishoni m'chigawo chino cha Afrika kwa zaka 19, zina mwa izo pachilumba cha Likoma. Anadzozedwa kukhala bishopu wa Likoma ku London mu Juni 1895, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho, ali pa ulendo wobwerera kukayamba udindowo, boti lake linagubuduzika ndi namondwe panyanja ino, kummwera kwa Nkhotakota. Anamira pamodzi ndi mnzake Joseph Williams, ali ndi zaka 43, pamene anthu akuda amene anali nawo anasambira mpaka kumtunda. Munthu wopemphera, wopita ku ntchito ya Mulungu, anafa asanafike n'komwe pampando wake. Patapita zaka 51, mu Julayi 1946, sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanja yomweyi ndipo anthu 145 anatayika, ndipo n'kovuta kuganiza kuti mwa onsewo munalibe amene anafuulira kumwamba.

Ndimamva alaliki ena akunena kuti Yesu akakhala m'bwato lako sungamire. Mawuwa amakoma pa msonkhano wa chitsitsimutso, koma ayeseni pamaso pa mayi wa ku Senga Bay kapena ku Chia amene mwana wake anali wa kwaya ndipo mtembo wake wapezeka patapita masiku atatu. Zimene mayiyo amamva n'zakuti mwina Yesu munalibe m'bwatomo, kapena kuti chikhulupiriro cha mwana wake chinali chopelewera, ndipo pamwamba pa chisoni mwamusenzetsanso mlandu. Chipangano Chatsopano sichinalonjeze zimenezo. Yakobo, mmodzi mwa asodzi opulumuka usiku uja, anaphedwa ndi lupanga polamula Herode, monga tikuwerenga pa Machitidwe 12, ndipo m'chaputala chomwecho Petro anatulutsidwa m'ndende ndi mngelo. Wolembayo anaika nkhani ziwirizi moyandikana osafotokoza chifukwa chimene wina anafera wina n'kupulumuka.

Izi zili ndi ntchito pa mmene timakhalira pamaliro. Mwambo wathu uli ndi nzeru yakale: anthu amabwera kudzagona pasiwa, amayi a chigwirizano amaimba usiku wonse, adzukulu amalawirira kumanda, ndipo timati maliro n'kulirana. Anzake a Yobu atatu aja anachita chimodzimodzi poyamba, pakuti anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri, usana ndi usiku, osanena kanthu. Analakwa pamene anatsegula pakamwa kuti afotokoze chifukwa cha mavuto ake. Kumapeto kwa bukulo, pa chaputala 42, Mulungu akukwiyira anzakewo nanena kuti sanalankhule zoona za Iye monga anachitira Yobu, yemwe uja anatemberera tsiku la kubadwa kwake n'kufuna kukatsutsana ndi Mulungu pamaso. Choncho wamfedwa akakuwa kuti "Mulungu mwandilakwira", ife amene takhala naye pamphasa tisathamangire kumutseka pakamwa ndi mawu akuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu. Mwina n'zoona m'njira imene ife sitingaione, koma si ife oyenera kuzinena usiku woyamba, ndipo Mulungu, mwini kudandauliridwayo, anamvapo mawu oposa amenewo.

Pali chifukwa chinanso chimene ndikuonera kuti nkhaniyi ndi yofunika kuno kunyanja. Mkwiyo wa munthu woferedwa suuma chifukwa choti tauletsa, umangofuna kolowera kwina. Ukatsekeredwa njira yopita kwa Mulungu, kawirikawiri umagwera anthu. Pamayamba manong'onong'o akuti mwini makoka anakhwimira kuti usipa uzichuluka, kapena kuti agogo ena a m'mudzi ndiwo anatumiza mphepo, ndipo mabanja amene anakhala akudyera mbale imodzi amasiya kupatsana moni, nthawi zina mpaka nkhalamba kuvulazidwa popanda mlandu. Kenako mpingo umabwera kudzalamula kuti akhululukirane msanga, Mgonero usanafike. Chikhululuko chokakamiza chotere chimakhala cha pakamwa, chifukwa chilonda sichinatsukidwe. Munthu amene wapatsidwa mpata wokhuthula ukali wake wonse pamaso pa Mulungu, kwa milungu kapena miyezi, amakhala ndi mphamvu yoyang'ana mwini makoka uja n'kusiyanitsa zinthu ziwiri: ngati anawatumizadi anyamata pamadzi chenjezo litaperekedwa, umenewo ndi mlandu woti ukambidwe kwa amfumu kapena ku komiti ya pagombe, ndipo kukhululuka sikuletsa kuukamba; koma ngati inali mphepo chabe, palibe munthu woti akhululukidwe, pali imfa yoti iliridwe.

[Chithunzi: asodzi a usipa atagona pamthunzi masana, nyali zili pambali]

Titsale ndi tulo tija ta pamtsamiro. Ena amatiwerenga ngati mayeso amene Yesu anakonzera ophunzira ake, ngati kuti ankanamizira kugona. Ine ndikuona kuti kufotokoza kosavuta ndiko koona: anali atatopa. Asodzi awa mukuwaona agwira ntchito usiku wonse ndi nyali, siginala, msodzi woyang'anira nyalizo, akukopa usipa, enawo akukoka khoka la chilimira, ndipo tsopano agona pamchenga osamva phokoso la amalonda ogula nsomba. Thupi lotopa limagona paliponse, ndipo Yesu anali ndi thupi ngati lawoli. Pa Marko 6 akuuza ophunzira ake kuti apite kwa okha akapumule pang'ono, chifukwa anthu anachuluka mpaka analibe mpata wakudya.

Anthu ovutika mumtima nthawi zambiri amadziimba mlandu akagona kapena akamva njala, ngati kuti kupuma n'kupeputsa womwalirayo kapena kufooka m'pemphero. Mneneri Eliya, pa 1 Mafumu 19, anathawira m'chipululu, nakhala pansi pa kamtengo, napempha kuti afe. Mngelo amene anatumidwa kwa iye sanabwere ndi ulaliki. Anamudzutsa, namupatsa mkate ndi madzi, namusiya kuti agonenso, kenako n'kumudyetsanso kachiwiri, ndipo kukambirana kwake ndi Mulungu kunachitika patapita masiku 40, paphiri la Horebu. Amayi amene amabweretsa phala kwa wamasiye m'mawa n'kumuumiriza kuti amweko pang'ono, kenako n'kumuyalira mphasa kuchipinda kuti atsinzineko, akugwira ntchito ya mngelo uja, ngakhale sanatsegule Baibulo.

Mu ndime 36 ya Marko 4 muli mawu ochepa amene owerenga ambiri amawadumpha, onena kuti panalinso ngalawa zina pamodzi naye. M'ngalawa zimenezo munali anthu amene namondwe yemweyo anawapeza, mafunde omwewo akuwalowera, koma analibe Mphunzitsi woti amugwedeze paphewa, ndipo mkokomo wa mphepo sukanawalola kumva funso lija kapena yankho lake. Iwo anangoona nyanja itagwa bata pakati pa usiku, natunga madzi otsala m'ngalawa zawo, nagwiranso nkhafi.