Mwapeza Malo ku M'bindikiro wa Alembi: Nanga Masabata Otsalawa Mutani?

[Kalendala pakhoma, tsiku limodzi lazunguliridwa ndi cholembera chofiira]

Muli bwanji nonse? Tiyerekeze kuti mwalandira uthenga woti akulandirani ku m'bindikiro wa alembi, ndipo kwatsala miyezi iwiri kuti munyamuke. Chipinda chanokha, tebulo pafupi ndi zenera, foni yozimitsa, palibe wogogoda pachitseko. Tsono ndiyankheni mumtima mwanu momwemo: chilandirire uthengawo, mwalembapo mizere ingati?

Ine zinandichitikira. Nditangodziwa tsiku lonyamuka, ndinatseka kope langa n'kunena kuti zonse ndikalembera komweko. Ndinagula zolembera zatsopano, ndinalongedza chikwama kawiri konse, koma nkhani yanga sindinaikhudze kwa masabata asanu ndi awiri. Nditafika, masiku awiri oyambirira anathera pa kuwerenga zomwe ndinalemba kale, kufuna kukumbuka kuti kodi munthu uyu wa m'mutu wachitatu anakwiyiranji mchemwali wake.

[Zithunzi za tinyumba ta m'nkhalango]

Kwa amene simukudziwa, m'bindikiro wa alembi ndi malo amene munthu amapita kukakhala masiku kapena masabata angapo, ntchito yake n'kukhala kulemba basi. Ena mwa malowa ndi akalekale. MacDowell, ku Peterborough m'chigawo cha New Hampshire ku America, anayamba mu 1907. Kumeneko aliyense amapatsidwa kanyumba kakekake kogwiriramo ntchito, ndipo chakudya chamasana amachibweretsa m'dengu n'kuchisiya pakhomo mwakachetechete, kuopa kudula munthu maganizo. Yaddo, ku Saratoga Springs ku America komweko, anayamba kulandira alendo mu 1926. Hedgebrook, pachilumba cha Whidbey ku Americanso, anatsegulidwa mu 1988 poganizira alembi achizimayi. Ku England kuli bungwe la Arvon, la mu 1968, komwe gulu laling'ono limakhala masiku asanu pamodzi ndi alembi odziwa amene amawaunikira ntchito. Palinso odzipangira okha m'bindikiro. Maya Angelou, mlembi wa ku America, ankachita lendi chipinda cha mu hotela m'tauni yomwe ankakhala, n'kupempha kuti achotse zithunzi zonse pakhoma, ndipo ankapita kumeneko m'mamawa kukalemba.

Onsewa akugawa chinthu chimodzi: nthawi yopanda chosokoneza. Nkhani sagawa. Ukapita ndi moto woyaka kale, kumeneko amangokupatsa nkhuni. Ukapita ndi phulusa lozizira, uyamba kaye wapempha moto, ndipo masiku akuwerengeka.

Chodabwitsa n'chakuti chomwe chimazimitsa motowo nthawi zambiri ndi chimwemwe chathu chomwe.

[Wolankhula ayang'ana kamera]

Pali mayi wina wofufuza za kaganizidwe ka anthu, Gabriele Oettingen, wa ku New York University, amene watha zaka zambiri akufufuza za kulota uli maso. Iye anapeza kuti munthu akamangokhalira kuyerekeza m'maganizo kuti zinthu zayenda kale bwino, mphamvu zake zogwirira ntchitoyo zimachepa. Mtima umakhazikika ngati kuti wafika kale. Ndiye taganizani, usiku uliwonse mukudziona muli pazenera lija, masamba akuunjikana patebulo, mukubwerera kunyumba mutanyamula buku lathunthu. Kukoma kwa kulemba mwakulawa kale, osalemba ngakhale liwu limodzi. M'mawa kukacha, njala yolemba ichokera kuti?

Mayiwa sakuti tisiye kulota ayi. Akuti ukalota, nthawi yomweyo uike pambali pa lotolo chopinga chenicheni chimene chili mwa iwe. Osati "ndilibe nthawi", limenelo ndi bodza lomwe tonse timalikonda. Chopinga chenicheni chimakhala chochititsa manyazi pang'ono, monga: "ndikakhala pansi kuti ndilembe, ndimayamba ndatsegula WhatsApp", kapena "mutu wachisanu ndikuuzemba chifukwa sindikudziwa kuti nkhaniyi ikuthera pati". Kenako mnzake pa kafukufukuyu, Peter Gollwitzer, amati uchimangire chopingacho lamulo la "zikatere, nditere". Mwachitsanzo: ndikangodzuka, ndisanagwire foni, ndilemba kwa mphindi 20. Lamulo lotereli limagwira chifukwa chisankho wachipanga kale dzulo. M'mawa sukhalanso pansi kukambirana ndi ulesi, pajatu ulesi pa mtsutso sugonja.

[Manambala pa bolodi]

Tiyeni tiwerengetsere limodzi. Tinene kuti m'bindikiro wanu ndi wa masiku asanu, ndipo tsiku lililonse mwalemba mawu 2,000. Ameneyo ndi munthu wolimbikira kwambiri, ambirife sitifika pamenepo. Pamodzi ndi mawu 10,000. Tsopano tengani masiku 60 omwe mukudikirawa, muzilemba mawu 300 okha patsiku, pafupifupi tsamba limodzi. Akukwana 18,000. Mwaona? Masiku omwe mukuwaona ngati ongodikirira basi angathe kukupatsani zochuluka kuposa ulendo womwe mukuudikirawo. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Munthu amene anazitengera patali zimenezi ndi Anthony Trollope, mlembi wa ku England wa m'zaka za m'ma 1800. Kwa zaka zambiri iye anali pantchito ku positi ofesi. Ankakhala patebulo 5:30 m'mawa, wotchi ili patsogolo pake, n'kumadzikakamiza kulemba mawu 250 pa mphindi 15 zilizonse, kenako n'kupita kuntchito. Anasiya mabuku a nkhani zopeka 47. Izi zitadziwika, ena anamunyoza kuti ankalemba ngati makina, kuti luso lenileni silipimidwa ndi wotchi. Mwina ali ndi mfundo pang'ono, ineyo wotchi patebulo imandisokoneza. Koma onani kuti bamboyu sankadikira kuti mtima umuuze. Chilakolako cholemba chinkamupeza ali kale pampando.

Ndipo apa m'pamene ambiri timazitembenuza. Timaganiza kuti chidwi chimayamba, kulemba n'kutsatira. Kawirikawiri zimayenda mobwerera: umayamba monyinyirika, mizere itatu yoyamba n'kukhala yonyansa, wachinayi n'kukudabwitsa, ndipo chidwi chimabwera pamenepo. Robert Boice, amene anafufuza kalembedwe ka aphunzitsi a m'mayunivesite, anapeza kuti olemba pang'ono tsiku ndi tsiku ankatulutsa zambiri kuposa odikira mpata waukulu kuti alembe kamodzin'kamodzi mpaka kutopa.

[Kope lotsegula, chiganizo chosamaliza]

Nanga masabata otsalawa muwagwiritse bwanji? Choyamba ndanena kale, musatseke kope. Koma pali kanzeru kena komwe mlembi wa ku America Ernest Hemingway ankakonda kulangiza anzake: leka kulemba pamene ukudziwa chomwe chikubwera kutsogolo. Usakame mpaka kuuma. Ukasiyira pabwino, mawa sukumana ndi tsamba loyera lokuyang'ana m'maso, umangotola pomwe unasiyira. Chitani zimenezi tsiku lililonse, makamaka usiku woti mawa mukunyamuka. Mukafika, tsiku loyamba lomwelo dzanja liyamba kuyenda.

China, ku m'bindikiro musapite ndi cholinga choti "ndikamalize buku". Pitani ndi mfundo yovuta imodzi, yomwe mphindi 20 za m'mawa sizingaimasule. Mwina ndi mutu umene wakana kukhala bwino katatu konse. Mwina mukufuna kuyala masamba onse pansi n'kuona ngati chiyambi chili pamalo pake. Ntchito zoterezi zimafuna kuti nkhani yonse uisenze m'mutu kwa maola ambiri osaitula, ndipo izi ndiye zomwe kunyumba sizitheka, mwana akuitana uku, ntchito ikudikira uko. Zing'onozing'ono, monga kukonza mayina, kufufuza deti, kusanja mafayilo pa kompyuta, malizirani kunyumba konkuno. N'zomvetsa chisoni kuthera tsiku la m'bindikiro ukusakasaka kuti fayilo yatsopano ndi iti pakati pa zinayi zofanana mayina.

Mukonzekerenso kuti tsiku lachiwiri kapena lachitatu bata lija likhoza kukulemerani. Kunyumba ukalephera kulemba umaloza phokoso. Kumeneko palibe woloza chala, mwatsala awiri, inu ndi nkhani yanu. Musathawe, tulukani mukayende, mubwerere.

Ndipo musananyamuke, lemberanitu pa kalendala ola lomwe mudzalembe tsiku lotsatira mukabwerako, chikwama chisanamasulidwe n'komwe.

Ine ulendo wanga wina watsala masiku 23. Dzulo ndinasiyira pamene mtsikana wa m'nkhani yanga wagwira chitseko, sanatsegule, ndipo ndikudziwa amene ali mkatimo. Ndiloleni ndikamutsegulire. Tionana muvidiyo yotsatira.