Makalata a omvera: "latch on" ndi mawu ena ofanana nawo

Moni omvera nonse kulikonse komwe muli. Makalata a lero akunena za mawu a Chingerezi akuti "latch on". Yoyamba yachokera kwa aphunzitsi a Chingerezi a pasukulu ina ya sekondale ku Dedza.

"Ana ambiri amalakwitsa pa kamawu kotsatira mneni ameneyu. Chiganizo chikamathera pomwepo timati 'latch on', monga 'It took him a while to latch on', kutanthauza kuti zinamutengera nthawi kuti amvetse. Koma mukatchula chinthu chimene munthu wagwiracho, 'to' asasowe: 'She latched on to the idea', kapena 'latched onto the idea'. Zonsezi n'zololedwa. Cholakwika ndi 'She latched on the idea'. Chinanso, mawuwa sagawanika. Mlowam'malo 'it' amabwera kumapeto, 'latched onto it', osati 'latched it onto'. Ana amasokonezeka chifukwa anazolowera 'put it on' ndi 'turn it on', pomwe 'it' amalowa pakati."

Zikomo kwambiri aphunzitsi, mwakhudza penipeni povuta. Ndiwonjezerepo tanthauzo. "Latch" ndi kachitsulo kaja kokolowekera chitseko kapena geti, kamene kakagwira sikatayanso. Choncho nkhupakupa ikakanirira pakhutu la ng'ombe, Mngelezi amati "The tick latched onto the cow's ear". Mawu omwewa amanenedwa kwa munthu, koma apa samalani, chifukwa nthawi zambiri amakhala odandaula. "He latched onto us at the wedding" ndiye kuti munthuyo anatikakamira ku ukwati, kulikonse komwe tapita ali pambuyo, pomwe sitinamuitane. Musauze bwana kapena mlendo wanu kuti "you latched onto me" poganiza kuti mukumuyamikira. Nawo atolankhani akagwira nkhani imodzi osafuna kuisiya, timati "The newspapers latched onto the story".

Kalata yachiwiri ndi ya anamwino a ku Mchinji.

"Kuchipatala mawuwa ali ndi ntchito yakeyake. Mabuku athu akati 'the baby has latched on', ndiye kuti khanda lagwira bere moyenera. Zizindikiro zake n'zinayi: kukamwa kwatseguka kwambiri, mlomo wam'munsi wapindikira kunja, chibwano chakhudza bere, ndipo mbali yakuda yozungulira nsonga ikuoneka kwambiri kumtunda kwa kamwa kuposa kumunsi. Mwana akagwira nsonga yokha, imeneyo ndi 'poor latch'. Mayi amamva kupweteka, nsonga zimang'ambika, mwana amayamwa nthawi yaitali koma osakhuta. Zikatero mayi alowetse chala chaching'ono chosamba bwino pakona ya kamwa ya mwana kuti asiye bere, kenako amuyambitsenso. Asamuzule mokoka."

Amayi, kalata yanu ndi yothandiza zedi, makamaka kwa amayi achichepere omwe amawerenga malangizo pa intaneti. Apa "latch" amathanso kukhala dzina, monga "a good latch", ndipo palibe chachipongwe m'mawuwa.

Bambo wina amene akugwira ntchito mumzinda wa Leeds ku Britain walemba kuti: "Kuno anthu amakonda kunena 'cotton on'. 'He finally cottoned on' ndiye kuti wazindikira tsopano, ena onse atadziwa kale. Lamulo lake ndi lomwe lija: 'cottoned on to the trick'. Kodi pali kusiyana ndi 'catch on'?"

Kulipo, bambo. Pa tanthauzo la kumvetsa n'zofanana, kungoti "cotton on" amamveka kwambiri ku Britain ndi ku Australia, pomwe "catch on" amamveka kulikonse. Koma "catch on" ali ndi tanthauzo lachiwiri limene "cotton on" alibe, la kufala kapena kutchuka. "Mobile money caught on quickly" ndiye kuti kutumiza ndalama pafoni kunafala msanga, anthu anakukonda. Simunganene "cottoned on" pamenepo. Kumbukiraninso kuti zikachitika kale timati "caught on", osati "catched on". Ku America kulinso "cotton to", amene amatanthauza kukonda munthu kapena chinthu, osati kumvetsa.

Wophunzira wina wa Folomu 4 ku Zomba wafunsa za "glom onto", amene anamumva m'mafilimu, ngati angamulembe pa mayeso a MSCE. Mwana wanga, ameneyu ndi wa ku America, wochokera ku mawu a ku Scotland akuti "glaum", kutanthauza kutsomphola. Ntchito yake ndi ngati ya "latch onto", ndipo polemba "m" amakhala awiri: "glommed", "glomming". Koma ndi wapamacheza kwambiri. Mu chimangirizo cha mayeso, mu lipoti kapena m'kalata yofunsira ntchito lembani "understand" kapena "realise". Mungamuike pokhapokha mukulemba nkhani imene anthu akulankhulana, ndipo wolankhulayo akhale munthu amene angalankhuledi choncho.