Chikwangwani cha pakhomo la labotale: ozimitsa moto amawerengapo chiyani?

[Pa sikirini: chitseko cha labotale, pamatidwa chizindikiro cha mitundu inayi]

Moni nonse amene mukutionera. Lero sitilowa mkati, tiima pakhomo pompano. Chikwangwani ichi sanachimatire ogwira ntchito muno, iwo botolo lililonse amalidziwa. Anachimatira mlendo: wozimitsa moto amene wafika pakati pa usiku, utsi uli tolo, womufunsa palibe.

Chinayamba ndi ngozi. Mu 1959, mumzinda wa Charlotte ku America, moto unabuka pa kampani ya Charlotte Chemical Company. Ozimitsa moto ataona thanki ikuyaka, anayesa ndi palafini basi. Osadziwa kuti m'palafinimo munali sodium, chitsulo chimene chikangokhudzana ndi madzi chimalusa. Poyesa kuzimitsa motowo, thankiyo inaphulika, ozimitsa moto 13 anavulala. Apa m'pamene panachokera njira yolembera zoopsa imene bungwe la ku America loona za chitetezo ku moto, la NFPA, linaivomereza, yotchedwa NFPA 704.

[Kamera iyandikire chizindikirocho]

Pali timabokosi tinayi. Ka buluu, kumanzere, kakunena za kuopsa pa thanzi la munthu. Kofiira, pamwamba, kakunena za kuyaka. Kachikasu, kumanja, kakunena ngati mankhwalawo angathe kuphulika. M'timabokosi titatuti mumalembedwa nambala, kuyambira 0 mpaka 4. Ziro ndiye kuti palibe chodetsa nkhawa, 4 ndiye poopsa zedi.

Koma ine kamene ndimathamangira kuyang'ana ndi koyera kam'munsika. Mukaona W wodulidwa ndi mzere pakati, akuti musathire madzi. Taganizani, munthu wabwera ndi paipi m'manja, ntchito yake yonse ndi madzi, ndiye chilembo chimodzi chokha chimuimitse! OX ndi mankhwala okolezera moto. SA ndi mpweya monga nayitrojeni kapena argon: sununkha, suoneka, koma ukadzaza m'chipinda munthu amangogwa.

Nanga m'chipinda mukakhala mankhwala ambirimbiri? Kawirikawiri mumatenga nambala yaikulu pa mtundu uliwonse, osati yapakatikati.

[Pa sikirini: botolo lokhala ndi chithunzi cha ngodya zinayi chofiira m'mphepete]

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Zolemba za pabotolo zimatsata dongosolo lina, GHS, la bungwe la United Nations. Kumeneko gulu 1 ndiye loopsa kwambiri, kusemphana ndi pakhomo paja. Wina akangokopera nambala ya papepala la mankhwala n'kuika pachitseko, wanamiza wodzamupulumutsa.

Ngati muli tizilombo toyambitsa matenda, monga m'malabotale oyeza makhololo a TB, pamafunikanso chizindikiro cha biohazard. Ngati muli zotulutsa radiation, cheza chosaoneka chimene chimavulaza thupi, pali chake cha mapiko atatu.

Chotsala n'chimene anthu amachinyozera: dzina ndi nambala ya foni ya woyang'anira chipindacho, komanso ya wachiwiri wake, nambala yoti usiku wina aiyankhe. Kunena zoona, chikwangwani chakale n'choipa kuposa chitseko chopanda kanthu, chifukwa munthu amachikhulupirira. Mwabweretsa silinda ya gasi yatsopano? Woyang'anira wasamuka? Sinthani tsiku lomwelo, mulembepo deti. Ndipo matani pakhoma pambali pa chitseko, poti chitseko chikatsegulidwa chisabise.