Makanema Akale a Ofunafuna Golide: Musagule Musanafufuze Chaka

Takulandirani nonse amene mumasonkhanitsa makanema aafupi akale oonetsa anthu akuthamangira golide. Lero tili ndi mfundo zitatu.

Choyamba, yang'anani m'mphepete mwa filimu. Ngati ndi ya 35mm m'lifupi ndipo palembedwa NITRATE, musaisunge m'nyumba, chifukwa ikagwira moto siizima ngakhale muithire madzi. Za 16mm ndi 8mm siziyaka chotero, koma ikayamba kununkha viniga, ipatuleni kwa zinzake.

Chachiwiri ndicho chimandiwawa. Ogulitsa ena pa intaneti amanena kuti ali ndi kanema weniweni wa chipwirikiti cha golide ku California mu 1849. Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza. Golide anapezeka ku Sutter's Mill, ku California komweko, mu Januwale 1848, pamene abale awiri a Lumière anaonetsa koyamba makanema awo kwa anthu olipira ku Paris mu Disembala 1895. Nanga wojambulayo anaitenga kuti kamera? Zithunzi zosayenda zinalipo, koma zoyenda kunalibe. N'chimodzimodzinso dayamondi wa ku Kimberley mu 1871 ndi golide wa ku Witwatersrand mu 1886, konseku ku South Africa. Zimene akukugulitsanizo ndi zidutswa za masewero ojambulidwa pambuyo pake, ndipo zimadziulula zokha: kamera ili pafupi ndi nkhope, munthu akusefa mchenga m'mbale, kenaka akutola chibulumwa cha golide n'kuchilozetsa bwinobwino kwa oonera. Amene munapusitsidwapo chotero, tiuzeni m'munsimu, ndipo dinani batani la subscribe kuti ena achenjere.

Chipwirikiti chimene kamera inachipezadi ndi cha ku Klondike, ku Canada. Mu 1897 a kampani ya Edison anajambula sitima zodzaza anthu zikunyamuka ku Seattle, ku America, paulendo wopita kumeneko. Makanema ambiri a kampaniyi anapulumuka chifukwa ankasindikizidwa pa mapepala n'kuperekedwa ku Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, poteteza umwini, ndipo lero ena mungathe kuwaonera ulere.

Chachitatu, musakomedwe ndi dzina la Dawson City, tawuni ya ku Klondike. Mu 1978 anafukula kumeneko mipukutu 533 ya filimu imene inakwiriridwa m'dziwe lakale losambiramo, koma yambiri ndi masewero ndi nkhani za madera ena, osati za golide. Za mipukutu imeneyi tidzafotokoza mu vidiyo yotsatira, choncho dinaninso kabelu kuti isakuphonyeni.